Kuwotcherera zitsulo ndi magetsi: chimachitika n'chiyani kunsonga kwa rodi?

Mukayenda m'mashedi a owotcherera, kaya ndi ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, ku Ndirande ku Blantyre kapena pamsika wa kwanu komweko, muona kuti mashini asintha. Kale chinali chimashini cholemera chonyamulizana anthu awiri, china chokulungidwa pamanja n'kukhazikidwa m'bokosi la matabwa. Lero mnyamata amangokoleka kamashini paphewa, n'kukwera nako kabaza kukakonza geti la munthu. Apa ndiye pabuka mtsutso. Amisiri ena akuti timashini timeneti n'toseweretsa, sitichedwa kupsa. Ena akuti chimashini chakale chimangomaliza mayunitsi. Nawo makasitomala ali ndi mafunso awo: bwanji mababu amaphethira oyandikana nawo akayamba kuwotcherera? Nanga bwanji mabagala ena amathothoka ukangowapotokola ndi chitsulo, pamene ena amatha zaka osagwedera?

Mayankho a mafunso onsewa ali pa kampata ka mamilimita awiri kapena atatu, pakati pa nsonga ya rodi, kandodo kowotcherera kaja, ndi chitsulo.

## Kuwotcherera si kumata

Ambiri timaganiza kuti rodi imasungunuka n'kumata zitsulo ziwiri pamwamba. Ayi. Chimene mmisiri akufuna n'chakuti zitsulo zonse ziwiri zisungunuke m'mphepete mwake, zisakanikirane ndi chitsulo chochokera ku rodi, ndipo zikazizira zikhale chitsulo chimodzi. Pomwe pawotchereredwa bwino, ukamenya ndi hamala chimapindika n'chitsulo cha pambali, msokowo osang'ambika.

Kuti zimenezi zitheke pamafunika moto woopsa, chifukwa chitsulo wamba chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Motowo umachokera ku magetsi. Magetsi amatuluka m'mashini, n'kudutsa m'chingwe mpaka pa holda, chogwirira chopana rodi chija. Kuchoka mu rodi amalowa m'chitsulo chomwe chikuwotchereredwa, kenako n'kubwerera ku mashini kudzera m'chingwe chachiwiri, chimene amisiri amachitcha earth. Njirayi ikaduka paliponse, palibe chichitika.

Mmisiri akagunditsa rodi pa chitsulo n'kuikweza pang'ono, magetsi sasiya kuyenda. Amalumpha kampata kaja kudzera mumpweya wotentha kwambiri, ndipo kulumphako ndiko kumapanga lawi lowala lothobwa m'maso. M'mabuku a zaumisiri lawili amalitcha arc, n'chifukwa chake ntchito yonseyi imatchedwa arc welding. Kutentha kwake kumapitirira madigiri 3,000. Pansi pa lawi pamapangika kadziwe ka chitsulo chosungunuka, ndipo luso lonse la wowotcherera lagona pa kuyendetsa kadziwe kameneka kuyambira poyambira msoko mpaka pothera.

## Mavolti ochepa, maampu ochuluka

Mawu awiri amene amasokoneza anthu ndi mavolti ndi maampu. Taganizirani madzi a m'paipi: mavolti ndi mphamvu yokankha madziwo, maampu ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavolti 230, ndipo pulagi wamba wa mano atatu amakhala ndi fuzi yosapitirira maampu 13. Kuwotcherera kumafuna zosiyana ndi zimenezi: mavolti ochepa koma maampu ambiri, chifukwa chimasungunula chitsulo ndi maampu.

Ntchito ya mashini ndi kutembenuza zimenezo. Mashini akayatsidwa koma rodi isanagunde chitsulo, pa holda pamakhala mavolti apakati pa 50 ndi 80, okwanira kuyambitsa lawi. Lawi likayaka amatsika kufika pa 20 mpaka 30, pamene maampu amakwera kufika pa 60, 100, ngakhale 200, malinga ndi pomwe mmisiri watchera.

Tsopano nkhani ya mababu ikumveka. Maampu 100 kuchulukitsa ndi mavolti 25 zikupereka mawati 2,500 (mawati ndi muyeso wa mphamvu yonse imene ikugwiritsidwa ntchito), pamene pulagi wa maampu 13 malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Onjezani magetsi amene mashini amataya ngati kutentha, makamaka mashini akale, mupeza kuti malire apyoledwa kale. Rodi ikakakamira pa chitsulo mashini amakoka magetsi ochuluka kuposa apo, mwadzidzidzi. Ngati mawaya obweretsa magetsi m'deralo ndi aatali kapena opyapyala, mavolti amatsika kwa onse amene ali pa laini imodzi, mababu n'kumaphethira. N'chifukwa chakenso mumaona mapulagi osungunuka m'mashedi, ena mpaka kuchotseratu pulagi n'kumalowetsa mawaya mwachindunji mu soketi. Njira yoyenera ndi yakuti mashini akhale ndi laini yawoyawo ya waya wonenepa, yokhala ndi breaker (swichi yodula magetsi yokha akachuluka) yolingana nayo, yoikidwa ndi mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka.

## Chimashini chakale ndi kamashini katsopano

Chimashini cholemera chija ndi thiransifoma. M'kati mwake muli mtima wa timapepala tachitsulo tosanjikizana, ndipo pamtimapo pakulungidwa mawaya amitundu iwiri: wopyapyala wozungulira kambirimbiri, wolandira magetsi a ESCOM, ndi wonenepa wozungulira kangapo chabe, wotulutsa maampu ochuluka aja. Mulibe zambiri zoti ziwonongeke. Chikapsa amisiri a m'tauni amachikulunganso, ndipo n'chifukwa chake ena amadzipangira okha. Vuto la zodzipangira nthawi zambiri silikhala pa kuwotcherera kwake koma pa chitetezo: mawaya otchingidwa ndi nsalu kapena mapepala, zolumikizira za mavolti 230 zili pamtunda, bokosi lopanda earth ya kunyumba, waya wachitetezo wopita m'nthaka uja.

Thiransifoma imatulutsa magetsi a AC, amene amasinthasintha kolowera. Pa magetsi athu a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, lawi limazima n'kuyakanso ka 100 pa sekondi iliyonse. Diso siliona zimenezo, koma dzanja limamva: lawi limakhala laukali, timibulu ta chitsulo timathethekera ponseponse, ndipo marodi ena savomera.

Kamashini kakang'ono kaja ndi inverter. Kamayamba kasandutsa magetsi a ESCOM kukhala DC, oyenda mbali imodzi, kenako n'kuwadula tizidutswa maulendo zikwi makumi angapo pa sekondi, m'malo mwa 50. Magetsi akamasinthasintha mwachangu chonchi, thiransifoma yofunika imachepa kwambiri, mpaka kukwana m'dzanja. Pomaliza amawongoledwanso kukhala DC. Zotsatira zake ndi mashini a makilogalamu ochepa, osataya magetsi ambiri, a lawi lofatsa, ochita bwino pa zitsulo zopyapyala. Koma m'kati mwake muli bolodi ya zamagetsi yomwe imadana ndi chinyezi, fumbi komanso magetsi okwera ndi kutsika. Tizitsulo ta pa gilayinda tikakokedwa ndi fani n'kugwera pa bolodi, mashini amapsa. Jenereta yaing'ono kapena yosakhazikika imaononganso inverter. Bolodi ikapsa, wokonza sapezeka paliponse.

Ndiye onse awiri otsutsana aja akunena zoona, aliyense mbali yake. Kusankha kumadalira ntchito: woyendayenda ku masaiti ndi wokhala pa shedi imodzi akuwotcherera ngolo tsiku lonse safuna chinthu chimodzi.

Pogula, musangoona nambala yaikulu yolembedwa pabokosi. Onani kachikwangwani ka kumbuyo kapena kunsi, pomwe palembedwa duty cycle. Iyi ndi nthawi imene mashini angagwire ntchito pa mphindi 10 zilizonse asanatenthe mopyola. Akalemba 60% pa maampu 130, ndiye kuti mphindi 6 kuwotcherera, mphindi 4 kupuma. Mashini ambiri otchipa amafika pa nambala ya pabokosiyo kwa kanthawi kochepa chabe, ndipo kagetsi kachikasu kakayaka n'kudula okha, sanaonongeke, akudziteteza. Asiyeni fani izizungulira mpaka azizire.

## Rodi ndi chovala chake

Mukathyola rodi mupeza waya wachitsulo m'kati, kunja kwake atakutidwa ndi phala louma lotuwa lotchedwa flux. Anthu ambiri amaona ngati chofunika ndi wayayo. Koma popanda flux, kuwotcherera kwa mtundu uwu sikukanafika pomwe kuli.

Lawi la magetsi linadziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pa kafukufuku wa Humphry Davy ku England ndi Vasily Petrov ku Russia. Mu 1888 Nikolai Slavyanov, wa ku Russia komweko, anawotcherera ndi waya wachitsulo wosungunuka. Koma wayayo anali wosakutidwa, ndipo misoko inkatuluka yamabowo, yosachedwa kusweka. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chosungunuka chimamwa okosijeni ndi nayitrojeni za mumpweya. Oscar Kjellberg wa ku Sweden, amene anayambitsa kampani ya ESAB mu 1904, ndiye anatulukira nzeru yokuta wayayo.

Flux ikamapsa imatulutsa mpweya wophimba kadziwe kaja kuti mpweya wa kunja usalowe. Ina imasungunuka, n'kutola zinyalala za m'chitsulo, n'kuyandama pamwamba. Ikazizira imauma kukhala khungu lakuda lija limene mmisiri amagogoda ndi hamala, lotchedwa slag. Khunguli limatchinga msoko kuti uzizire pang'onopang'ono. Flux imathandizanso kuti lawi lisamazimezime.

Pa rodi iliyonse, pafupi ndi pomwe holda imapana, pamalembedwa nambala. Yofala kwambiri m'mahadiweya mwathu ndi E6013. Kalembedwe kameneka ndi ka bungwe la American Welding Society. Manambala awiri oyamba amanena za kulimba: 60 akutanthauza kuti kachigawo ka msoko ka milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi kangapirire kukokedwa ndi makilogalamu pafupifupi 42 kasanaduke. Nambala yachitatu, 1, ikunena kuti rodi ingagwire ntchito mulimonse: chogona, choimirira, ngakhale pamwamba pa mutu. Yomaliza imanena za mtundu wa flux ndi magetsi oyenera. E6013 ndi yosavuta kuyatsa, imavomera AC ndi DC, slag yake imachoka mosavuta, koma siilowa kwambiri m'kati. Ndi ya mafulemu a zitseko, mawindo, mageti, mabedi ndi mipando.

Pa zinthu zonyamula katundu wolemera, monga chesisi ya ngolo yokokedwa ndi galimoto, mathirasi a nyumba zazikulu kapena nsanja ya thanki ya madzi, akatswiri amalozera E7018. Kulimba kwake ndi pafupifupi makilogalamu 49 pa kachigawo komwe kaja, ndipo flux yake inapangidwa kuti isalowetse haidrojeni m'msoko, chifukwa haidrojeni ndi amene amang'amba chitsulo patapita maola kapena masiku. Rodi imeneyi ikanyowa ubwino wake wonse watha. N'chifukwa chake m'mafakitale amaisunga mu uvuni yapadera. M'nyengo ya dzinja, marodi amtundu uliwonse akasiyidwa pansi pa simenti m'paketi yotsegula amamwa chinyezi, ndipo mumawadziwa ndi kuthetheka komanso timabowo pa msoko.

Pali zitsulo zina zosayenera E6013 n'komwe. Chitsulo cha cast, monga miyendo ya mashini osokera akale kapena mbali zina za injini, chimafuna rodi ya nickel ndiponso kuziziritsa mofatsa, apo ayi chimang'ambika pambali pa msoko. Cha stainless chili ndi marodi ake.

Kunenepa kwa rodi kumayenderana ndi maampu. Mongoyerekeza, ya 2.5 mm imafuna maampu 60 mpaka 90, ya 3.2 mm 90 mpaka 130, ya 4.0 mm 130 mpaka 180. Manambala enieni amalembedwa pa paketi.

## Zida zina za pa shedi

Chida chimene chimapeputsidwa kwambiri ndi earth. Kawirikawiri muona chopanira chake chinaonongeka kalekale, m'malo mwake akungogoneka mtanda wachitsulo wadzimbiri kapena kukoleka waya. Pamene pakugundana mosakhazikika pamatentha, maampu amatayikira pomwepo, ndipo lawi limadukaduka, mmisiri n'kumadandaula za mashini kapena za ESCOM. Earth iyenera kupanidwa zolimba pa chitsulo choyera, pafupi ndi pomwe pakuwotchereredwa. Pa chigayo kapena galimoto izi n'zofunika kwambiri: magetsi akadutsa m'mabering'i pofunafuna njira yobwerera amawaboola timabowo. Pa galimoto chotsaninso batire kaye.

Zingwe nazo zikhale zonenepa, zosalumikizalumikiza ndi mapepala a pulasitiki. Chingwe chikamatentha m'manja ndiye kuti chachepa. Zina zotsala ndi hamala yogogodera slag, burashi ya mawaya, gilayinda, zopanira, sikweya, magolovesi achikopa ndi helemeti.

## Dzanja la mmisiri

Kuyatsa lawi ndiye phunziro loyamba. Wophunzira amagunditsa rodi, n'kukakamira, mashini n'kumang'ung'udza. Akaikoka mwamphamvu flux imagumuka kunsonga. Wozolowera amangokanda pang'ono n'kukweza, lawi n'kuyaka. Kuchokera apo akuyang'anira zinthu zinayi nthawi imodzi.

Maampu akachepa rodi imakakamira, msoko n'kukwera pamwamba osalowa. Akachuluka rodi imafiira, chitsulo chimabooka kapena kudyeka m'mbali mwa msoko. Kutalika kwa lawi kuyenera kufanana ndi kunenepa kwa waya wa m'kati mwa rodi, ndipo popeza rodi ikufupika nthawi zonse, dzanja liyenera kumatsika nayo limodzi osaima. Rodi imapendekera pang'ono mbali imene akulowera, madigiri 10 kapena 15, n'kumakokedwa kuti slag itsalire m'mbuyo. Chachinayi ndi liwiro: kuthamanga kumasiya msoko wowonda wodukaduka, kuchedwa kumaunjika chitsulo pamalo amodzi.

Zikakhala bwino, mizere ya pa msoko imakhala yofanana, m'mbali mwake mwalowerera bwinobwino m'chitsulo, ndipo slag ya E6013 nthawi zina imadzitukula yokha ikamazizira.

Ntchito yambiri imachitika lawi lisanayake. Dzimbiri, penti ndi mafuta ziyenera kuchotsedwa. Zitsulo zonenepa zimasongoledwa m'mphepete ndi gilayinda kuti moto ufike mpaka pansi. Ndiyeno chitsulo chikamazizira chimakokana, n'chifukwa chake mmisiri amayamba wadonthetsa timadontho togwirizira m'makona onse, kuyeza ndi sikweya, kenako n'kumawotcherera mosinthanasinthana mbali. Fulemu ya chitseko yopotoka nthawi zambiri inawotchereredwa mbali imodzi yonse kaye. Zonsezi zimaphunzitsidwa m'makoleji a ntchito zamanja amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, koma ambiri amaphunzirira pa shedi, ndipo kumeneko wophunzira amatengera zabwino ndi zoipa zomwe za bwana wake.

Mabagala othothoka aja nthawi zambiri amathera pa timadontho togwirizira, osawotchereredwa mozungulira. Kwina msoko umaperesedwa ndi gilayinda mpaka kutsala wopyapyala, mipata n'kutsekedwa ndi fila, penti pamwamba. Mlandu suli mbali imodzi: kasitomala akanenerera mtengo mpaka pansi, mmisiri amachotsera pa marodi, pa nthawi ndi pa kunenepa kwa tyubu. Ngati mukuwotcheretsa chinthu, pitani mukachione chisanapentedwe. Yang'anani timabowo, ming'alu, slag yotsekeredwa m'kati, ngalande m'mbali mwa msoko, komanso ngati kuseri kwawotchereredwa.

## Mitundu ina

Kuwotcherera kwa rodi ndi mtundu umodzi chabe. Pa MIG, waya wopyapyala amatuluka yekha mosalekeza kuchokera pa chikulungo, ndipo m'malo mwa flux pamaphimba gasi wa m'silinda, carbon dioxide kapena wosakaniza ndi argon. Ndi yachangu komanso yabwino pa malata a galimoto. TIG imagwiritsa ntchito nsonga ya tungsten, yomwe siisungunuka mpaka madigiri oposa 3,400, ndipo mmisiri amadyetsa waya ndi dzanja linalo. Ndi ya ntchito zaukhondo za stainless ndi aluminiyamu. Zonse ziwiri zimafuna gasi wogula ndipo panja mphepo imauluza gasiyo, n'chifukwa chake pa shedi ya pamsika rodi ikadali patsogolo.

## Maso, mapapo ndi moyo

Apa ndi pomwe mtima umandipweteka, chifukwa ndi pomwe achinyamata ambiri akudzivulaza osadziwa. Lawi la magetsi limatulutsa kuwala kwa ultraviolet, kosaoneka ndi maso koma kowotcha. Munthu akayang'ana lawi popanda chitetezo samva kanthu nthawi yomweyo. Pakapita maola angapo, kawirikawiri usiku, maso amafiira, amatuluka misozi, amanyerenyesa ngati mwalowa mchenga, ndipo safuna kuwala. Nthawi zambiri amapola pa tsiku limodzi kapena awiri, koma musathiremo mkaka kapena mankhwala ongouzidwa. Ikani nsalu yoyera yonyowa ndi madzi ozizira pa maso otseka, ndipo ululu ukapitirira kapena ngati mukukayikira kuti mwalowa kachitsulo, pitani kuchipatala.

Magalasi adzuwa sateteza. Galasi la helemeti lili ndi nambala yake, ndipo pa maampu a ntchito wamba pamafunika 10 kapena 11. Kutsinzina kapena kuyang'ana kumbali kumasiya nkhope ikupsa, ndiponso munthu sangayendetse kadziwe kamene sakukaona. Wogwirizira zitsulo, wodutsa m'njira ndi ana oonerera nawonso amapsa maso, choncho shedi ya m'mbali mwa msewu imafunika chotchinga.

Utsi nawo si wamasewera. Mu 2017 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa kuwotcherera m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Mapaipi ndi malata a galvanised, okutidwa ndi zinc kuti asachite dzimbiri, amatulutsa utsi woyera wa zinc umene umadwalitsa munthu usiku womwewo: kutentha thupi, kuzizidwa, kuphwanya m'thupi, moti ena amayesa malungo. Kumwa mkaka, komwe amisiri ambiri amakukhulupirira, sikutchinga mapapo. Chothandiza ndi kuperesa zinc pamalo owotchererapo, kugwirira ntchito popita mphepo, ndi kuika mutu kumbali kwa utsi.

Mavolti 50 mpaka 80 a pa holda amaoneka ochepa, koma angaphe munthu amene wanyowa ndi thukuta kapena mvula, waponda pamadzi, kapena ali m'kati mwa thanki yachitsulo. Nthawi yoopsa ndi yosintha rodi ndi manja opanda magolovesi. Zovala zikhale za thonje kapena chikopa, chifukwa nayiloni imasungunukira pakhungu, ndipo masilipasi si nsapato za pa shedi.

Choopsa kuposa zonse ndi mgolo kapena thanki yomwe munali petulo, dizilo, thina kapena mankhwala. Mgolo wopanda kanthu ndiye woopsa kwambiri, chifukwa chimaphulika ndi nthunzi yosakanikirana ndi mpweya, osati mafuta enieniwo, ndipo nthunziyo imatsalira m'makona ndi m'dzimbiri ngakhale mgolo utakhala miyezi padzuwa. Kutsukuluza ndi madzi kamodzi sikukwanira. Odziwa ntchito amatsuka ndi nthunzi yotentha kapena mankhwala otsukira, amatsegula zitsekerero zonse, n'kudzaza madzi mpaka pafupi ndi pomwe akudula kapena kuwotcherera. Gilayinda nayo imayatsa nthunzi chimodzimodzi. Mgolo umene simukudziwa zomwe munali, musauyandikize moto.